Miyendo ya Nkhoswe

Nkhani ya chinkhoswe cha Thandie inakambidwira pakhonde la a Matthew, mwezi wa Malichi, manachesi akadali obiriwira m'mitengo. Inakambidwira pamenepo chifukwa a Matthew ndiwo anali malume wamkulu wa mtsikanayo, komanso chifukwa kwa zaka zitatu tsopano nkhani zonse za pamtundu zinkachita kuwalondola pakhondepo.

Kale anali dalaivala wa thiraki. Beira, Tete, Zobwe, Mwanza, Blantyre, kenaka n'kubwerera. Anauyenda msewu umenewo zaka makumi awiri ndi zinayi mpaka ankadziwa dzenje lililonse. Tsiku lina la mvula thirakiyo inaterereka pamtsetse kuseri kwa malire n'kugona chammbali. A Matthew anatulukamo amoyo, koma kuyambira m'chiuno kutsikira m'munsi sankamvanso kanthu, ngakhale munthu awatsine. Kuyambira pamenepo ankayendera njinga ya olumala.

Amene anayamba nkhaniyo anali mng'ono wawo, Aubrey. Anayambira patali: tsiku lake ndi Loweruka lomaliza la Juni, akuchimuna abwera ndi minibasi ziwiri kuchokera ku Neno, mipando tikabwereka kutchalitchi. Kenaka anatsokomola.

"Tsono za nkhuku, achimwene. Paja ankhoswe amadzuka mbali zonse ziwiri n'kukakumana pakati pa bwalo. Ife tipereka thadzi, iwo tambala. Ndiye tinaganiza kuti inu mukhale pampando wa ulemu kutsogoloko, ine ndikuyenderani."

"Munaganiza ndi ndani?"

"Tonse, achimwene."

A Matthew anayang'ana Thandie, amene anakhala pamkeka pafupi ndi akazi awo, a Fyness. Anamulera okha mwanayu kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mlongo wawo atamwalira. Ndipo ankadziwa, monga aliyense pakhondepo, kuti wolandira tambala ndiye nkhoswe. Mawa banja likadzagwedezeka, akuchimuna adzagogoda pakhomo la amene anamuona pakati pa bwalo, osati la amene anakhala pampando wa ulemu.

"Kapena tikukankheni panjinga yanuyo," anatero Aubrey.

"Sindikankhidwa. Ndi mapazi angati?"

"Chiyani?"

"Kuchoka pampando kukafika pakati."

Aubrey anakanda m'mutu. "Khumi. Mwina khumi ndi awiri."

"Ndiyenda."

Palibe anaseka. Aubrey anayang'ana a Fyness ngati awafunse kuti kodi amuna awo ayamba kumwa mankhwala ena. Koma a Fyness ankadziwa chimene bamboyo ankadalira. Chinali chitapachikidwa pakhoma m'shedi ya a Sungani, kumalire.

A Sungani anali msuweni wa a Matthew, wowotcherera zitsulo. Shedi yawo yamalata inali m'mbali mwa msewu, pamene mathiraki amandanda kudikira mapepala. Chaka chathacho kunabwera mlendo kumeneko, bambo wamtali wa ku Karonga, dzina lake Lusayo, wophunzitsa za makina pa koleji ina ku Blantyre. Kwa zaka zinayi ankayesa kupanga miyendo yachitsulo yovala, yoti munthu wofa miyendo aziimirira nayo ndi kuyenda. Ankanena kuti kunja makina otere alipo, koma munthu wa ku Mwanza sangawalote. Iye ankafuna opangidwa ndi zinthu zoti zikathyoka, wowotcherera wa pamsika n'kukonza. Tsono mathiraki akufa amapezeka kuti kuposa kumalire? Ndipo mayi wa mafizo wa kuchipatala anamuuza kuti kuli dalaivala wina wa mikono ngati mitanda, amene sanajombepo mafizo, masewera olimbitsa thupi aja, ndi tsiku limodzi lomwe.

Chinthucho chinali chotere. Mapaipi awiri mbali iliyonse, kuchokera m'chiuno kukafika kuphazi. Pachiuno ndi pabondo panali mamota a waipa za thiraki, olumikizidwa ku magiya a njinga yamoto. Chimangidwe chake chinali cha malamba a m'galimoto. Batire linkakhala m'chikwama kumsana, ndipo pachifuwa pankakhala kabokosi kakang'ono ngati ka machesi. Kabokosi kameneka ndiko kanali kunyada kwa a Lusayo.

"Kamamva kupendekeka kwa thupi," anafotokoza tsiku loyamba. "Munthu akafuna kuyenda amayamba wawerama pang'ono. Kakangomva kuti mwawerama, kamauza mota kuti ponda. Palibe batani, bambo. Inu mungofuna, iko kadziwa."

A Sungani ndiwo anachipatsa dzina. Mutu wa thiraki, umene umakoka ngolo, madalaivala amautcha hosi.

"Msuweni," anatero, "zaka zonse zija munkakoka thirela. Lero hosi ndi iyi, thirela ndinu."

"Wotchererani bwino," anayankha a Matthew. "Mageti anu onse amagwa."

Ntchito inayenda mwa befu. A Lusayo ankatsika minibasi Lachisanu lililonse, laputopu ili kukhwapa. Sabata ina lamba anaduka. Sabata ina mota inapsa, shedi yonse n'kununkha ngati wina akuwotcha tsitsi. Mu Epulo, Hosi ili yokha pakhoma, inaponya theche n'kugubuduza chidebe cha madzi, ndipo a Sungani anathawira panja atanyamula sipanala. A Lusayo ankangolemba m'kabuku, kumasula, kumanganso. A Matthew ankayang'ana ali panjinga yawo, osanena kanthu, kupatula kamodzi pamene anati mota ya bondo lamanja ikulira ngati beringi yatha. Atatsegula anapeza kuti yathadi.

Tsiku lenileni linafika pakati pa Meyi, dzuwa lili paliwombo. Anatseka chitseko chamalata. Mayi wa mafizo anabweranso, anagwiragwira mawondo ndi akakolo, n'kunena kuti ayesa, koma mosamala. Anawaveka Hosi ali chikhalire, kukoka lamba aliyense mpaka kuthina. M'khwapa anawamanga tcheni chija a Sungani amanyamulira injini, kuti akagwa asafike pansi. Anawapatsa ndodo ziwiri zoyendera.

"Mwakonzeka, bambo?" anafunsa a Lusayo.

"Lizani."

Mamota analira onse pamodzi, kulira kwa njuchi zili m'mphika. A Matthew anamva chiuno chikukankhidwa, anatsamira ndodo, ndipo pansi panayamba kutalikira. Benchi inatsika. Botolo la gasi, limene kwa miyezi yonseyo linkawaposa msinkhu, linafupika. Mawondo anati khethe, n'kukhoma. Mutu unazungulira pang'ono, kenaka unakhazikika.

Anaimirira.

A Lusayo anagwira pakamwa. A Sungani anali atagwira tcheni ndi manja onse awiri, maso ali pamtunda. A Matthew anawayang'ana nthawi yaitali kuchokera m'mwambamo.

"Msuweni," anatero, "dazi limeneli linayamba liti?"

A Sungani anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo ataweramuka m'maso munali monyowa. "Yendani, galu inu! Yendani tikuoneni!"

A Matthew anaponya ndodo kutsogolo n'kuwerama pang'ono. Mwendo wamanja, umene kwa zaka zitatu unkachita kunyamulidwa ndi manja ngati mtolo wa nkhuni, unanyamuka wokha, unadutsa, n'kuponda. Nsapato inalira pasimenti. Iwo sanamve kanthu kuphaziko, koma anamva kugunda kwake m'mapewa. Anaweramanso. Wamanzere unatsatira.

"Awiri!" anakuwa a Lusayo. "Atatu! Mayi, mukuona? Atatu!"

Pa phazi lachinayi a Lusayo anayamba kulumpha, akulankhula Chinkhonde chimene palibe ankamva. Kunja kunali kale anthu. Madalaivala amene ankadikira mapepala anamva phokoso, ndipo pabowo lililonse la malata panali diso. Wina wa ku Tete, amene ankawadziwa a Matthew kuyambira kale, anamenya lata ndi chikhatho, akukuwa m'Chipwitikizi kuti tiyeni.

"Vamos, Mateus! Vamos!"

Tsiku limenelo anayenda mapazi asanu ndi awiri, thukuta lili kamukamu, mikono ikunjenjemera. Sabata yotsatira anafika khumi. Pofika kumayambiriro kwa Juni ankadutsa shedi yonse, mapazi khumi ndi asanu, tcheni chili lende. Madzulo akafika kunyumba a Fyness ankafunsa kuti zayenda bwanji, iwo ankangotchula nambala. Koma ankadya ngati munthu wochokera ku Beira.

Lolemba la sabata ya chinkhoswe anaganiza zoyesa kunyumba, padothi, popanda tcheni. A Lusayo anapempha tchuthi kuntchito. Aubrey naye anabwera, akuti kudzaona za mipando, koma anakhala pakhonde pamene ankatha kuona bwalo lonse. A Sungani ankayenda kumbuyo atagwira chogwirira cha pachikwama. A Lusayo anaima kutali pafupi ndi khola, akujambula pafoni.

Zinayamba bwino. Phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Aubrey anaimirira osadziwa kuti waimirira.

Nthawi yomweyo panjira panaima kabaza, ndipo pakona ya nyumba panatulukira apongozi a a Matthew, mayi a a Fyness, atachokera ku Thambani. Pamutu anasenza kathumba ka mpunga, kukhwapa anapanira thadzi la pachinkhoswe lija.

Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu za ukwati wawo, a Matthew sanakhalepo mkeka umodzi ndi mayi ameneyu. Sanawayang'anepo m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'tchire, n'kulonjerana chapatali. Ndipo thupi, ngakhale theka lake linali litagona, silinaiwale. Anagwetsa maso, anatsitsa mapewa, n'kuwerama.

"Takulandirani, amayi."

Hosi inaponda.

Apongozi anaima. A Matthew, poona kuti asendera kwa apongozi, anachita manyazi, ndipo munthu wamanyazi amawerama kwambiri.

"Pepani, amayi."

Hosi inaponda kawiri.

"Mayo!" anatero apongozi, akubwerera chambuyo. Kathumba ka mpunga kanagwa.

"Pepani ndithu, amayi, si ine..."

"Weramukani, bambo!" anakuwa a Lusayo ali kukhola. "Imani njo! Ayang'aneni kumaso!"

Koma zimenezo ndiye zinali zosatheka. Apongozi anathawira kuseri kwa mtengo wa nachesi, thadzi likukuwa kukhwapa. A Matthew anayesa kukhota ndi ndodo kuti awalambalale, koma apongozi nawo anathawira mbali yomweyo. A Sungani ankakokedwa kumbuyo ngati thirela yeniyeni. Swichi yozimitsira inali pansi pa chikwama, pafupi ndi dzanja lawo, koma anali atafooka ndi phwete, akungoti "Msuweni! Msuweni!" Apongozi anafika pakhoma la bafa, pamene panalibenso kothawira, n'kudziphimba kumutu ndi chitenje.

Anawapulumutsa ndi a Fyness. Anatuluka m'khitchini ali ndi chipande m'manja, anathamangira kumsana kwa amuna awo, n'kuzula waya wa batire. Mamota anati zii, mawondo n'kukhoma. A Matthew anatsala chiimire, mphuno yawo itatsala pang'ono kukhudza chitenje cha apongozi.

Kwa kanthawi kunkangomveka thadzi. Kenaka m'chitenjemo munatuluka mawu.

"Fyness."

"Mayi."

"Uwauze amunako kuti ndaona kuti akuyenda. Ndathokoza Mulungu. Koma asachite kundibweretsera pafupi."

A Sungani anagwa pansi. Ngakhale a Fyness anatembenuka kubisa nkhope. Amene sanaseke anali awiri: a Matthew ndi Aubrey.

"Mwaonatu, achimwene," anatero Aubrey atawakhazika panjinga. Analankhula mofatsa, ndipo zimenezo ndizo zinapweteka. "Awa ndi apongozi anu, akhululuka. Nanga Loweruka? Nkhoswe ya akuchimuna ndi mkulu wa mpingo, wa zaka makumi asanu ndi awiri. Mukamupondaponda pamaso pa anthu ake, ukwati wa mwanayu uyambira pamlandu. Jekete ndili nalo kale. Ndikuyenderani."

A Matthew anatembenuza njinga yawo n'kulowa m'nyumba.

Masana a tsikulo a Matthew, a Lusayo ndi a Sungani anakhala m'shedi. A Lusayo anali ataonera kanema wa pafoni uja kasanu, ndipo ulendo uliwonse ankagwira mutu.

"Kulakwa ndi kwanga," anatero. "Njira yoweramayi ndinaitenga m'mabuku a anzathu akunja. Ndinayesera pa ophunzira anga m'khonde la pakoleji, miyezi isanu ndi umodzi. Palibe anakumanapo ndi apongozi ake m'khondemo. Ngakhale ine, mayi a mkazi wanga akatulukira ndimagwada kumene, koma sindinaganizeko." Anapumira m'mwamba. "Komabe njira ilipo, bambo. Loweruka musawerame. Mukafika pakati, ingoimani chilili. Ndi mphindi ziwiri zokha."

"Ndikaime ngati mtengo wa magetsi pamaso pa eni mwana?"

"Amvetsa."

"Ayi."

"Bambo..."

"Kuli bwino apite Aubrey."

A Lusayo anayesa kukauza kabokosiko kuti kazidikira munthu awerame kwambiri kasanaponde. Anayesa Lolemba lomwelo mpaka dzuwa kupendeka, ndi Lachiwiri m'mawa wonse. Sizinathandize. Akakaumitsa mutu, a Matthew ankachita kutsala pang'ono kugwa chafufumimba mwendo usananyamuke. Akakafewetsa, moni aliyense ankasanduka ulendo. Kwa kabokosiko, ulemu ndi kuyenda zinali chinthu chimodzi.

Lachiwiri masana a Matthew ankayang'ana panja pamene dalaivala wina ankaimika thiraki yake. Mpweya wa mabuleki unati tsii, munthuyo n'kutsika kukapereka moni kwa anzake.

"A injiniya."

"Bambo."

"Galimoto yanu ilibe handibuleki."

A Lusayo anakweza mutu.

"Dalaivala sapereka moni galimoto ili m'giya. Amaimika, amakoka handibuleki, kenaka moni."

"Koma bambo, cholinga chonse chinali chakuti pasakhale batani. Kuti makina azidziwa okha zimene munthu akufuna. Zaka zinayi ndakhala..."

"Akudziwa?"

A Sungani anali atalowa kale m'mulu wa zitsulo kuseri kwa shedi. Anatulukako ndi kaswichi ka magetsi a m'kabini ya thiraki ina yakufa, kotha kukankha ndi chala chachikulu, kolira kuti thethe.

"Aphunzitsi," anatero, "kawerengeni kameneka. M'mabuku anu mulibe."

A Lusayo anakatembenuza m'manja, kenaka anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wapeza makiyi m'thumba lomwe wakhala akufufuzamo. Anakhala pa tayala, laputopu pamiyendo, ndipo sanadye nkhomaliro. A Sungani anaboola chogwirira cha ndodo yamanja, anamangirirapo kaswichiko, n'kuyendetsa waya m'kati mwa ndodo. Lachitatu anayesa. Lachinayi ndi Lachisanu anayeserera mwambo wonse, a Sungani ali nkhoswe ya akuchimuna, atanyamula chigubu cha oilo m'malo mwa tambala.

"Weramani kwambiri, msuweni. Kuyambira tili ana simunandipatsepo ulemu wotere."

"Ndikuweramira chigubu."

Kwa Aubrey a Matthew anangotumiza mawu awiri: bwera nalo jeketelo, ukhale pambali panga. Ndikalephera kudzuka, upite.

Loweruka kunacha kozizira, kopanda mitambo. Bwalo linadzaza. Akuchimuna anakhala mbali ya kum'mawa, akuchikazi kumadzulo, ndipo kumbuyo kwawo kunaima anthu amene palibe anawaitana: madalaivala, osintha ndalama a pamalire, amayi ogulitsa manachesi ndi madengu awo. Mbiri ya Lolemba inali itafika mpaka ku Zobwe. Ena anabwera kudzaona munthu akuyenda, ena kudzaona mkulu wa mpingo akuthamangitsidwa.

A Matthew anakhala kutsogolo, Hosi atavala pamwamba pa buluku la suti. Aubrey anali kumanja kwawo, jekete lili lomangidwa mabatani onse. Nyimbo zinalira, atsikana ophimbidwa zitenje anabwera mmodzimmodzi, mnyamata wa ku Neno anakana woyamba ndi wachiwiri, n'kuvundukula Thandie, anthu n'kululuta. Kenaka woyendetsa mwambo anakweza chimkuzamawu.

"Tsopano tipemphe ankhoswe a mbali zonse ziwiri!"

Aubrey anayang'ana mkulu wake. A Matthew anaimika ndodo.

"Lizani," anauza a Lusayo.

Mamota analira. Woimba nyimbo anazimitsa yekha choimbira chake popanda womuuza. A Matthew anakwera pang'onopang'ono pamaso pa anthu onse, mawondo anati khethe, ndipo kumbuyo kwa bwalo mayi wina anakuwa ngati waona moto.

Anawerama. Phazi loyamba. A Fyness ankayenda kumanzere kwawo atanyamula thadzi m'lichero, a Sungani kumbuyo, nkhope ili gwa, lero osaseka. Lachiwiri. Lachitatu. Madalaivala anayamba kuwerenga mokweza, ena m'Chichewa, ena m'Chipwitikizi. Pa lachisanu ndi chiwiri ndodo yamanzere inalowa m'kadzenje, thupi lonse linapendekera kumbali, bwalo lonse linati "Aaa!" A Sungani anakoka chikwama, a Matthew analuma mano, anazula ndodoyo n'kuiponda pena. Anapuma katatu. Lachisanu ndi chitatu.

Nkhoswe ya akuchimuna, nkhalamba yaifupi ya imvi, inali itafika kale pakati ndi tambala wake wofiira. Itaona thukuta likuyenderera pankhope ya mnzake, inagwidwa chifundo, n'kuyamba kuyenda kuti imuchingamire.

"Imani pomwepo, bambo," anatero a Matthew. Sanakuwe, koma bwalo lonse linamva. "Ndikubwera."

Nkhalambayo inaima. Kenaka inabwerera chambuyo mapazi awiri amene inayenda aja, n'kukaima pakati penipeni.

Lachisanu ndi chinayi. Lakhumi. Mikono inkayaka moto. Lakhumi ndi chimodzi. Sanathere pa khumi ndi awiri monga ananenera Aubrey. Anakwana khumi ndi anayi. Pa lomalizalo a Matthew anaima patsogolo pa nkhalambayo, pamtunda woyenera, n'kukankha kaswichi ndi chala chachikulu.

Thethe.

Amene anamva za Lolemba anagwira mpweya. Apongozi, amene anakhala mzere wachitatu, anakokera chitenje kumaso n'kusiya diso limodzi. A Matthew anagwetsa maso, anatsitsa mapewa, n'kuwerama. Anawerama mpaka tayi inalendewera.

Hosi sinasunthe.

"Mwatiyendera, bambo," anatero.

"Takuyenderani, bambo," inayankha nkhalambayo, nayo itawerama.

A Matthew anapatsira a Fyness ndodo yamanzere, anatenga thadzi m'lichero ndi dzanja lawo, n'kulipereka. Nkhalambayo inawaika tambala kukhwapa.

Bwalo linaphulika. Nthungululu zinachokera mbali zonse ziwiri, amayi anavula zitenje n'kumazikupiza m'mwamba, kumsewu thiraki ina inaliza hutala, ina n'kuyankha, kenaka mzere wonse mpaka kuchipata cha malire. A Lusayo anaiwala kujambula. Foni inali m'manja ikuloza kumwamba. Aubrey anali atakwera pampando, jekete akulizunguza pamutu.

"Ndi achimwene anga amenewo! Mukuwaona? Mimba imodzi!"

Thandie anathamanga osasamala za diresi, anagwada m'fumbi patsogolo pawo, n'kugwira paipi ya mwendo wamanja ndi manja onse awiri.

"Amalume," anatero.

"Dzuka, udetsa nsalu."

Apa m'pamene anazindikira kuti pali chimene sanayeserere: kubwerera. Kutembenuka kunkafuna ndodo zonse ziwiri, ndipo dzanja lina linali ndi tambala. A Lusayo anafika akukankha njinga ija.

"Khalani, bambo, mwatha ntchito. Batire latsala la mphindi makumi awiri basi."

"Ndiye ndiima makumi awiri."

"Tambalayo tikusungireni?"

"Ndi wanga."

A Lusayo anayang'ana a Fyness. A Fyness anapukusa mutu, kusonyeza kuti asataye nthawi. Choncho mwambo unapitirira mozungulira munthu woimirira pakati pa bwalo. Akuchimuna, poona kuti nkhoswe sikubwerera kumpando, anadzuka n'kundanda kuti adzaidziwe: bambo a mnyamata, azakhali ake, amalume aang'ono, ndi ena ambiri a m'minibasi ziwiri zija. A Matthew anapanira tambala, mtima wake ukugunda panthiti zawo, ndipo anaweramira aliyense, mmodzimmodzi, osadumpha ndi mmodzi yemwe.